Kodi nkhani zingalowe zokha pa WordPress, osakopera pamanja?

Funso: Ndimayang'anira webusayiti ya kabungwe kathu ka alimi, ili pa WordPress. Alangizi athu a m'maboma amalemba malipoti awo mu pulogalamu ina imene mnyamata wina anatipangira, ndiye Lolemba lililonse ndimakhalira kukopera lipoti limodzilimodzi, kumata pa webusayiti, kukweza zithunzi, mpaka dzuwa kupendeka. Mnyamatayo akuti pali njira yotchedwa XML-RPC yoti pulogalamu yake izitumiza yokha nkhanizo, bola ndimupatse pasiwedi yanga. Koma a kampani ya hosting, imene imasunga webusayiti yathu pa seva yawo, akuti fayilo ya xmlrpc.php ndi yoopsa, akufuna kuitseka. Ndimvere ndani?

Yankho: Pasiwedi yanu musamupatse, achimwene. Ndayamba ndi mfundo imeneyi dala, mwina simufika kumapeto. Sikuti ndikumukayikira mnyamatayo ayi. Zimene akunenazo n'zotheka ndithu, ndipo Lolemba lanu likhoza kumasuka. Kungoti pasiwedi ya mwini webusayiti siyenera kugona mkati mwa pulogalamu iliyonse, ngakhale yolembedwa ndi mwana wanu wobereka nokha. Pali kiyi wina amene mungamudulire, tifika pamenepo.

RPC ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti remote procedure call. Kwathu kuno tingoti kutuma. Mukatuma mwana kugolosale mumamuuza chokagula, mumamupatsa ndalama, ndipo mumadikira kuti abwere ndi katundu kapena ndi mawu akuti sopo watha. Kompyuta ya mnyamatayo nayo ikhoza kutuma seva imene pali webusayiti yanu: "Lemba nkhani yatsopano, mutu wake ndi uwu, mawu ake ndi awa." Seva imagwira ntchitoyo n'kubweza yankho. Palibe munthu wotsegula browser, palibe wodina batani. XML ndi kalembedwe chabe ka uthengawo.

Njirayi ndi nkhalakale. Anaiyambitsa ndi Dave Winer mu 1998, akugwira ntchito limodzi ndi anthu a ku Microsoft. Mu 2001 eni ake a Blogger, webusayiti yolemberapo mabulogu, anatulutsa mndandanda wa ntchito zimene munthu angatume seva yawo, koma munalibe ngakhale malo olembapo mutu wa nkhani, choncho mu 2002 Winer anatulutsa wina wotchedwa MetaWeblog wokonza zoperewerazo. WordPress itabadwa mu 2003 inapeza zimenezi zili kale pabwalo, inangozitengera. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankalowa pa intaneti kudzera pa foni ya m'nyumba, kulipira mphindi iliyonse, ndiye kunali kwanzeru kulemba nkhani yonse uli kunja kwa intaneti n'kulumikiza kamphindi kochepa kotumizira basi. Mapulogalamu ngati Windows Live Writer anatchuka chifukwa cha zimenezi. Ife amene timawerengera bandulo tikhoza kumvetsa nzeruyo kuposa azungu a lero. Ntchito zimene mnyamata wanu akuganizira, monga wp.newPost ndi wp.editPost, zinabwera mochedwerapo, mu WordPress 3.4 ya 2012.

Uthenga weniweni umaoneka chonchi, ndaudula kuti usatalike:

```
<methodCall>
  <methodName>wp.newPost</methodName>
  <params>
    <param><value><int>1</int></value></param>
    <param><value><string>wotumiza</string></value></param>
    <param><value><string>pasiwedi-ili-apa</string></value></param>
    <param><value><struct>
      <member><name>post_title</name>
        <value><string>Ntchemberezandonda zavuta m'minda</string></value></member>
      <member><name>post_status</name>
        <value><string>draft</string></value></member>
    </struct></value></param>
  </params>
</methodCall>
```

Taonani mzere wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Dzina ndi pasiwedi zili poyera, ndipo zimayenda mu uthenga uliwonse. Webusayiti ikakhala yopanda HTTPS, aliyense amene ali pakati pa njira akhoza kuziwerenga ngati kalata yosamata. Chinanso n'chakuti mauthenga onse, kaya olemba nkhani, kaya ofufuta, kaya okweza chithunzi, amalowera pazenera limodzi lokha, lomwe ndi xmlrpc.php lija. Chimene chimasiyanitsa ndi dzina la ntchito lolembedwa mkatimo.

Apa ndi pamene a hosting anu akuchitira mantha, ndipo si mantha a mwana. Zenera limeneli limalandira dzina ndi pasiwedi popanda kudutsa patsamba lolowera, choncho tizithunzi toyesa ngati ndinu munthu, timene mwina munaika patsambalo, sitigwira ntchito kuno. Akuba a pa intaneti amangoyesa mapasiwedi usiku ndi usana. Mu 2015 kampani ya zachitetezo ya Sucuri inaonetsa mmene ankagwiritsira ntchito system.multicall, yomwe imalola kumanga ntchito zambiri m'mtolo umodzi, kuyesa mapasiwedi mazanamazana pa uthenga umodzi, pamene pa log ya seva pakungooneka mzere umodzi wosalakwa. WordPress 4.4, ya mu Disembala chaka chomwecho, inatseka mpata umenewo: pasiwedi yoyamba ikalakwika, zotsala zonse za mumtolomo zimakanidwa. Chaka cha 2014 kunali vuto lina, la pingback.ping, ntchito yodziwitsa webusayiti kuti ina yaitchula ndi linki, yosafuna pasiwedi n'komwe. Sucuri yomweyo inanena za mawebusayiti a WordPress opitirira 162,000 amene anatumidwa, eni ake osadziwa, kukaunjikana pa webusayiti imodzi mpaka kuigwetsa. Eni WordPress nawonso akhala akusinthasintha maganizo: mu 2.6 ya 2008 anazimitsa XML-RPC kuti wofuna aziyatsa yekha, kenako mu 3.5 ya 2012 anaiyatsanso kwa aliyense n'kuchotseratu batani lozimitsira, makamaka chifukwa cha pulogalamu yawo ya pafoni. Lero mabowo akuluakuluwo anatsekedwa, koma maloboti sanamve uthengawo. Amagogodabe, ndipo kugogoda kulikonse kumadzutsa PHP, chinenero chimene WordPress inalembedwamo, ndi database, mosungira nkhani zonse. Pa seva yogawana ndi anthu mazana, a hosting amaona zimenezi ngati makoswe m'nkhokwe.

Tsono ine ndikuti aloleni atseke, ndipo mnyamatayo alembe pulogalamu yake kudzera pa REST API, njira yatsopano yotumira seva. Imeneyi inalowa mokwanira mu WordPress 4.7, mu Disembala 2016, ndipo ili kale pa webusayiti yanu, simufunika kuika plugin iliyonse. Kusiyana kwake n'kwakuti chinthu chilichonse chili ndi khomo lake: nkhani zili pa /wp-json/wp/v2/posts, zithunzi pa /wp-json/wp/v2/media, magulu a nkhani pa /wp-json/wp/v2/categories. Uthenga umalembedwa mu JSON, yomwe ndi yopepuka kuiwerenga. Sindikunena kuti ndi mngelo. Itangotuluka inapezeka ndi bowo lolola munthu wamba kusintha nkhani za eni, ndipo masamba ambirimbiri anaipitsidwa kumayambiriro kwa 2017 pa mawebusayiti amene anachedwa kukwera pa 4.7.2. Koma ndi njira imene tsamba lolembera nkhani la WordPress lomwelo limadutsamo tsiku lililonse kuchokera pa 5.0, choncho maso a okonza ali pamenepo. XML-RPC akungoisunga ngati agogo osamuthamangitsa pakhomo. Ngati mnyamatayo amalemba mu PHP, adzapezanso kuti kuyambira pa PHP 8.0 ya 2020 gawo la xmlrpc analichotsa m'thupi la chinenerocho.

Za kiyi uja. Kuyambira pa WordPress 5.6, mu Disembala 2020, muli chinthu chotchedwa Application Passwords. Pangani akaunti yatsopano pa Users, muitche "wotumiza" kapena dzina lina losonyeza kuti si munthu. Tsegulani akauntiyo, tsikirani m'munsi, mupeza bokosi lolembapo dzina la pulogalamu. Mukadina, WordPress ikupatsani zilembo 24 zogawidwa zinayizinayi, ndipo imazionetsa kamodzi kokha. Zimenezo ndi zimene mupatse mnyamatayo. Kiyi ameneyu satsegula tsamba la admin. Amagwira ntchito pa mauthenga a pulogalamu okha. Pambali pake pamaoneka tsiku limene anagwiritsidwa ntchito komaliza ndi IP, kutanthauza adiresi ya kompyuta pa intaneti, imene uthengawo unachokera, ndipo tsiku limene mudzasiyane ndi mnyamatayo, kapena laputopu yake ikadzabedwa m'minibasi, mudzangodina Revoke, nkhani yatha, pasiwedi yanu osaikhudza. Bokosilo mukapanda kuliona, zifukwa zimakhala ziwiri kawirikawiri: webusayiti ilibe HTTPS, kapena plugin yachitetezo inalibisa.

Kiyi amatenga mphamvu za akaunti imene wadulidwira. Mukamudulira pa akaunti yanu ya Administrator, mwapereka mudzi wonse. N'chifukwa chake ndati akaunti yatsopano, ndipo udindo wake muusankhe mofatsa. Contributor amalemba nkhani koma sangaitulutse poyera, zomwe n'zimene tikufuna, koma sangakweze zithunzi. Author amakweza zithunzi, komanso akhoza kutulutsa nkhani popanda kufunsa munthu. Ambiri amangosankha Author chifukwa cha zithunzizo n'kudalira kuti pulogalamu izitumiza ma draft okha, nkhani zosungidwa kuseri zosatuluka poyera. Ine sindikonda kudalira ulemu wa pulogalamu. Ndimatenga Contributor n'kumuonjezera chilolezo chimodzi chotchedwa upload_files, kaya ndi mizere iwiri ya code kaya ndi plugin yokonzera maudindo. Mukatero, ngakhale kiyiyo atagwera m'manja mwa wakuba, choipa chimene angachite ndi kukudzazirani zinyalala kuseri, osati kulemba zotukwana patsamba loyamba m'dzina la bungwe lanu. Ndipo pa nkhani za ulimi pamafunikadi diso la munthu. Mlangizi akalakwitsa muyezo wa mankhwala opopera, n'kulemba 50 pamene amafuna 5, ndi bwino zimenezo zikakodwe pa desiki yanu.

Kuyesa koyamba mnyamatayo achite ndi curl, kapulogalamu kotumizira uthenga ku seva, asanalembe china chilichonse:

```
curl -X POST https://example.org/wp-json/wp/v2/posts \
  --user "wotumiza:abcd efgh ijkl mnop qrst uvwx" \
  -H "Content-Type: application/json" \
  -d @nkhani.json
```

ndipo mu fayilo ya nkhani.json mukhale izi:

```
{"title": "Ntchemberezandonda zavuta m'minda",
 "content": "<p>Alimi ayendere minda yawo m'mamawa.</p>",
 "status": "draft",
 "slug": "ntchemberezandonda-0412",
 "categories": [7]}
```

Ndaika nkhaniyo mu fayilo yapadera pa chifukwa cha Chichewa chathu chomwechi. Zitsanzo zambiri za pa intaneti zimakulunga JSON yonse m'timitengero timodzitimodzi (') pa mzere womwewo wa curl. M'Chingerezi zimayenda. Ife tikangolemba m'minda kapena ng'ombe, kachizindikiro ka pakatiko kamatseka mawuwo msanga, ndipo kompyuta imangokhala duu kudikira zotsala. Munthu akhoza kutaya masana onse akufufuza vuto pa seva pamene lili pa m' basi.

Zikayenda, seva imayankha ndi nambala 201 ndi JSON yaitali, ndipo chofunika kwambiri mmenemo ndi id ya nkhaniyo. Nambala imeneyo aisunge, ndibwereranso pa iyo. Zikakanika ndi 401, kiyi ali wolondola, asathamangire kudula wina. Pa maseva ambiri a Apache, mzere wonyamula kiyi, wotchedwa Authorization, umatayidwa panjira usanafike kwa PHP, ndiye WordPress imaona ngati wabwera mlendo wopanda dzina. Kuyambira pa 5.6 WordPress imalemba yokha mzere wokonza zimenezi mu fayilo ya .htaccess, koma mawebusayiti akale amakhala ndi fayilo yakale. Pitani pa Settings, Permalinks, dinani Save popanda kusintha kanthu, kawirikawiri zimatheka. Ngati adiresi ya /wp-json/ ikubweza 404, mwina ma permalink anu ali pa Plain, ndipo njira ina yolowera ndi /?rest_route=/wp/v2/posts.

Zithunzi ndi zomwe zimayamba. Pulogalamu itumize chithunzi ku /media, ndi mzere wa Content-Disposition wotchula dzina la fayilo, ilandire id yake, kenako iike id imeneyo pa featured_media potumiza nkhani. Pano REST ikuposanso mnzake: XML-RPC imayamba yasandutsa chithunzi kukhala zilembo mu base64, ndipo mabayiti atatu aliwonse amasanduka anayi, kutanthauza kuti chithunzi cha 3 MB chimayenda ngati 4 MB. Kaya mudutsa kuti, chepetsani zithunzizo zisananyamuke. Foni ya masiku ano imajambula chithunzi chachikulu kuposa chimene tsamba lingafune, ndipo WordPress, kuyambira pa 5.3, imachepetsa yokha chilichonse chopitirira mapikiselo 2560 koma n'kusungabe choyambirira chija pa seva. Pochepetsapo achotsenso zimene foni imabisa m'chithunzi, chifukwa nthawi zina mumakhala malo enieni a GPS, ndipo mlimi amene anavomera kujambulidwa ndi mbuzi zake sanavomere kulozera akuba khola lake.

Nambala 7 ija ndi id ya gulu la nkhani. REST imafuna manambala, osati maina. Poyamba zimatopetsa, ndipo apa XML-RPC inali yofewa, chifukwa kudzera pa terms_names unkangolemba dzina, ngati kulibe n'kupangidwa pomwepo. Kufewa kumeneko n'kumene kumabala ma tag atatu a chinthu chimodzi, wina Chimanga, wina Chimaanga, wina Cimanga, malinga ndi chala cha mlangizi. Konzani magulu anu nokha kamodzi, mupatse mnyamatayo mndandanda wa manambala ake.

Zilembo nazo zili ndi msampha wake. Ngati alangizi ena amalemba Malaŵi ndi ŵ, kapena amakopera kuchokera mu Word yomwe imapinda kachizindikiro ka mu ng'ombe, tsiku lina mudzaona patsamba palembedwa MalaÅµi ndi ngâ€™ombe. Zimenezi si ufiti. Mu UTF-8 chilembo cha ŵ chimasungidwa ndi mabayiti awiri, ndipo penapake panjira pali pulogalamu imene yawawerenga ngati zilembo ziwiri za kalembedwe kakale ka Windows. Mankhwala ake ndi UTF-8 paliponse: mu database ya mnyamatayo, pa kulumikizana kwake ndi database imeneyo, ndi mu uthenga. Mu PHP, json_encode ikakumana ndi zilembo zosakhala UTF-8 yolondola imangobweza false mwakachetechete, pulogalamu n'kutumiza uthenga wopanda kanthu. Ku XML-RPC wolakwa wamkulu ndi chizindikiro cha &, chimene chikalowa chosavala chimabweretsa faultCode -32700, "parse error. not well formed". Asamange uthenga polumikiza zidutswa za mawu pamanja. Chinenero chilichonse chili ndi library yochitira zimenezi.

Za nthawi sindichedwapo, poti mukutumiza ma draft. Mukadzayamba kukonzeratu ola lotulukira nkhani, kumbukirani kuti pali date ndi date_gmt, ndipo ife tili patsogolo pa GMT ndi maola awiri. Mukalemba 06:00 pa date_gmt, nkhani idzatuluka 8 koloko, alimi atapita kale kumunda. Pa Settings sankhani Blantyre. Musadabwenso mukatsegula nkhani yobwera motere n'kuipeza yonse ili m'bokosi limodzi la Classic. Pali batani la Convert to blocks. Ndipo akaunti yaudindo wochepa ikatumiza iframe kapena script, WordPress imazichotsa, zomwe kwa ine ndi zabwino.

Musanawauze a hosting kuti atseke, fufuzani ngati palibe china chodalira zeneralo. Plugin ya Jetpack imalankhula ndi WordPress.com kudzera pa xmlrpc.php. Pulogalamu ya WordPress ya pafoni yakhala ikudutsa pomwepo kwa zaka zambiri pa mawebusayiti odziimira paokha, ndiye ngati mumaigwiritsa ntchito muiyese akangotseka. Chimodzimodzi mapulogalamu olembera nkhani a Open Live Writer ndi MarsEdit. Ngati palibe, atsekere pa seva penipeni. Pali kamzere kotchuka ka xmlrpc_enabled kamene anthu amamata mu functions.php n'kugona tulo, koma dzina lake ndi lonyenga: kamazimitsa ntchito zofuna pasiwedi zokha, pingback imatsalabe yotsegula. Kudziwa ngati atsekadi n'kosavuta. Lembani adiresi ya webusayiti yanu ndi /xmlrpc.php kumapeto. Mukaona mawu akuti "XML-RPC server accepts POST requests only." ndiye kuti fayiloyo ikuyankhabe. Zikadzapezeka kuti pulogalamu ya mnyamatayo singathe njira ina koma XML-RPC yokha, si mapeto a dziko. Kiyi wa Application Passwords amagwiranso ntchito kumeneko, ndipo a hosting akhoza kutsekera onse n'kulola IP imodzi yokha ya seva yotumizayo. Adziwe chabe kuti XML-RPC imatha kuyankha 200, nambala ya "zayenda", ngakhale pamene yakana. Kukanako kumabisala mkati mwa yankho, pa faultCode.

  

Tsopano chimene chimagwetsa anthu ambiri, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo. Zonse ndanenazi mnyamata wochangamuka azimaliza tsiku limodzi. Chovuta ndi ichi: mwatuma mwana kugolosale, dzuwa lalowa, sanabwere. Kodi sopo wagula kapena sanagule? Simukudziwa. Mukatuma wina, mwina mukhala ndi sopo muwiri.

Zaka zingapo zapitazo ndinalembera bungwe lina kapulogalamu kotere. Ndinakaphunzitsa kuti kakatumiza nkhani n'kudikira masekondi 30 osamva yankho, kayesenso. Ndinkadziona wanzeru, poti netiweki ya kuofesi kwawo inali yodukaduka. Usiku wina seva inalemedwa, inkalandira uthenga bwinobwino, kulemba nkhani, koma n'kuchedwa kuyankha. Kapulogalamu kanga kankati zakanika, n'kutumizanso. Seva n'kulembanso. Kunja kukucha, chilengezo chimodzi cha msonkhano chinali patsamba loyamba kasanu ndi kanayi, chimodzi pansi pa chinzake, ma adiresi ake akuthera ndi -2, -3, mpaka -9. Choipitsitsa n'chakuti panthawiyo ndinkatumiza molunjika ngati publish, ndipo webusayitiyo inkatumiza imelo kwa olembetsa pa nkhani iliyonse yatsopano. Foni inayamba kulira ndisanasambe n'komwe. WordPress sinalakwe kanthu. Kwa iyo uthenga uliwonse wa POST wopita ku /posts ndi nkhani yatsopano, ngakhale mutu ndi mawu zifanane ndendende ndi za mphindi yapitayo. Wp.newPost nayo ndi chimodzimodzi.

Ndiye kusamva yankho sikutanthauza kuti ntchito sinachitike, ndipo pulogalamu iyenera kumangidwa ikudziwa zimenezo. Lipoti lililonse mu pulogalamu ya mnyamatayo likhale ndi nambala yakeyake yosasintha. Pakhale tebulo la mizati itatu: nambala ya lipoti, id imene WordPress yabweza, ndi pamene zafika. Isanatumize, pulogalamu ilembe kuti "ndikutumiza". Ikalandira 201, ilembe id ija n'kuti "zatheka". Magetsi akathima pakatikati, kapena netiweki ikaduka, podzukanso ipeza lipoti lili pa "ndikutumiza" lopanda id, ndipo pamenepo isatumize kaye. Iyambe yafunsa. N'chifukwa chake mu chitsanzo chija ndinaika 0412 kumapeto kwa slug, dzina la nkhani loonekera mu adiresi yake: imeneyo ndi nambala ya lipoti. Pulogalamu ifunse /wp-json/wp/v2/posts?slug=ntchemberezandonda-0412&status=draft,publish ndi kiyi yemwe uja. Yankho likabwera ndi nkhani, itenge id n'kukhala chete. Likabwera lopanda kanthu, pamenepo itumize. Zithunzi zimafunanso chisamaliro chomwecho, apo ayi mudzapeza munda-1.jpg, munda-2.jpg, munda-3.jpg zikudya malo amene mumalipira.

Mwina mwadabwa kuti bwanji ndikuumirira draft pamene pali pending, yomwe dzina lake likuoneka loyenera nkhani yodikira mkonzi. Chifukwa chake chabisala mu code ya WordPress: akaunti yopanda mphamvu yotulutsa nkhani ikatumiza pending, WordPress imafufuta slug imene yatumizidwayo, kusiyira mkonzi kuti adzasankhe. Nambala yanu ya lipoti imapita nayo, ndipo funso lija lizibwera lopanda kanthu nthawi zonse, pulogalamu n'kumatumizanso. Pa draft slug imakhala. Njira ina ndi kusunga nambalayo mu custom field, koma ku REST imeneyo imafuna kulembetsedwa kaye ndi register_post_meta, ndipo kufufuza nayo kumafuna code yoonjezera. Pa kabungwe ngati kanu slug ikukwana.

Asayesenso pa kukana kulikonse. Yankho la 401 kapena 403 likutanthauza kuti kiyi kapena chilolezo chalakwika, ndipo kugogoda kambirimbiri kungochititsa kuti plugin yachitetezo itsekere IP yanu kunja ngati wakuba. La 400 likutanthauza kuti uthengawo uli ndi chilema, ukhalabe nacho mawa. Zoyenera kuyesanso ndi za 500 kupita m'mwamba ndi kuduka kwa netiweki, ndipo podikira pazitalikirapo: mphindi imodzi, kenako zisanu, kenako theka la ola, ikalephera ikutumizireni uthenga inuyo.

Pali mbali ina imene mudzakumana nayo mwezi woyamba womwe. Mlangizi watumiza lipoti Lachisanu, inu mwalikonza Loweruka, mwawongola Chichewa, mwachotsa dzina la mwana amene samayenera kutchulidwa. Lolemba mlangiziyo wakumbukira kuti analakwitsa dzina la mudzi, wakonza mu pulogalamu yawo ija. Pulogalamu, pokhala ili ndi id, yatumiza nkhani yonse ku /posts/ ndi nambalayo, ndipo ntchito yanu ya Loweruka yakwiriridwa, dzina la mwana lija labwerera. Mukhoza kuifukula mu Revisions, ngati mwazindikira. Gwirizanani lamulo lisanachitike tsokalo. Langa ndi lakuti munthu akangokhudza nkhani pa WordPress, pulogalamu isaikhudzenso, ingokutumizirani uthenga kuti lipoti 0412 lasintha. Kudziwa kwake n'kosavuta: isunge modified_gmt imene inabwera m'yankho loyamba, ndipo isanasinthe kanthu ifunsenso n'kufananiza. Udindo wa Contributor ukuthandizaninso pano, popeza nkhani ikangotuluka poyera Contributor sangaisinthenso.

Mnyamatayo akadzati wamaliza, musayesere pa webusayiti yeniyeni. A hosting ambiri amatha kukupangirani kope yoyeserera. Mukhale naye pambali. Atumize lipoti lokhala ndi ŵ, ng' ndi & pamutu pake, ndi chithunzi chachikulu chochokera pafoni. Chithunzicho chili mkati mokwera, zulani waya wa rauta. Bwezerani, mudikire pulogalamu iyesenso yokha. Chitaninso kachiwiri, koma ulendo uno muzule chithunzi chitangomaliza, nkhani ikunyamuka. Kenako tsegulani Posts ndi Media, muwerenge kuti zilipo zingati.